Asilikali Anga Anafera pa Liwonde

Chimene ndimayamba kukumbukira si masewerawo ayi, koma chigalasi chakuda chija chokhala ndi mizere iwiri yoyera. Ukayatsa laputopu ya alamu anga a Lameki, inkayamba yakufunsa kumene ukufuna kulowa, mzere wapamwamba kapena wam'munsi, ndipo pakona pankakhala timanambala tobwerera m'mbuyo, teni, naini, eyiti, kukufulumizitsa kuti usankhe. Ukazengereza inkakusankhira yokha wapamwamba. Alamu ankati makinawo ali pa mitala, ndiye mzere wapamwamba tinkautcha kunyumba yaikulu, wam'munsi kunyumba yaing'ono. Kunyumba yaikulu kunali kwa aliyense: nyimbo, mafilimu, zithunzi za maukwati, ndi matenda onse amene ankabwera ndi mamemori a anthu a m'mudzi. Kunyumba yaing'ono tinkalowako anthu awiri okha, alamu ndi ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, sitandade seveni, kumudzi kwathu kufupi ndi Ngokwe, chaka chimene thonje linabereka mpaka tinasowa poliika. Papita zaka zambiri, koma ndikangomva fungo la thonje losungidwa m'nyumba, lija losakanikirana ndi fumbi ndi mankhwala opopera, mtima umandiwira ngati zachitika dzulo.

Alamu kwawo kunali ku Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Balaka, kuja anthu amathamangira mabasi ndi mabeseni a tomato. Anakakhalako ku Joni zaka zinayi, akusesa ndi kuthandiza pa shopu ina yokonza makompyuta, ndipo pobwerako anali ndi laputopu yakale yothothoka batani limodzi, kasola ndi batire la galimoto. Atakwatira achemwali anga a Asiyatu anamanga kanyumba kawo kuseri kwa nyumba ya amayi, monga mwa mwambo wathu wa chikamwini, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka chimene akuluakulu amati tambala wobwereka: ntchito yake agwire, koma asaiwale kuti khola si lake. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ankalima munda wa amayi, kupopera thonje la amayi, kufolera nkhokwe ya amayi, ndipo pa zonsezi yankho lawo linali limodzi, loti chabwino. Koma ndi iwo okha pamudzi ponse amene anazindikira kuti ndikamachedwa kubwerako kumjigo sikuti kunali mzere ayi, ndinkaima pazenera lawo ndowa ili pamutu, madzi akundidonthera m'khosi, kuonerera tiasilikali tikuyenda pagalasi. Sanandineneze kwa amayi. Anangondiuza kuti ndikamaliza ntchito zanga za m'mawa, dzuwa likafika pamutu batire litadzaza, anthu onse atadzigwetsa pansi pa mango, ndizibwera, ola limodzi likhale langa.

Ola limenelo ndinkaligula ndi zala. Amene sanatolepo thonje amaliona loyera n'kumaganiza kuti ndi lofewa, sadziwa kuti limakhala m'kachibade kouma kokhala ndi mano, kamene kamakuluma m'mphepete mwa zikhadabo mpaka magazi. Tinkalowa m'munda mame asanaume, kuzizira kwa mwezi wa Juni kuli m'mafupa, thumba litamangidwa m'chiuno, amayi ali patsogolo akukalipa kuti tisasakanize ndi masamba. Anzanga ankachedwa, akucheza za anyamata ndi za fulaye wa madzulo. Ine ndinkatola ngati ndikuthamangitsidwa ndi njuchi, mpaka amayi anayamba kunditamanda kwa anzawo kuti mwana wawo wayamba nzeru. Akanadziwa kumene nzeruzo zinkathamangira akanasunga malovu awo.

Masewerawo anali a nkhondo, koma osati aja ongowomberana ngati amisala. Unkayamba ndi antchito ochepa ndi kamsasa pakati pa tchire, dziko lonse lozungulira lili bii, losadziwika. Unkatuma ena kukadula mitengo, ena kukakumba chitsulo, n'kumanga nyumba za asilikali, kutumiza azondi kuti akaone kumene mdani wabisala, n'kumalingalira ngati uwolokere pamlatho kapena uzungulire kumtunda kwa mtsinje. Nkhondo zinalipo khumi ndi ziwiri zotsatizana, ndipo asilikali amene apulumuka nkhondo imodzi unkapita nawo ku inzake atakhwima, atapatsidwa tinyenyezi paphewa. Amene sanakhalepo mtsikana wotsiriza kubadwa pakhomo la anthu ambiri sangamvetse chimene ndinapeza mmenemo. Tsiku lonse ine ndinali wotumidwa. Iwe katunge madzi, iwe kapale moto, iwe tenga mwanayu, iwe mbuzi zalowa m'dimba. Dzina langa lenileni linkamveka kusukulu kokha, poitana mayina. Koma ndikasankha mzere wam'munsi uja, wotuma ndinkakhala ine. Ndikati gulu ili liime kuseri kwa phiri linkaima, osafunsa kuti akulankhulayo ndi mwana wa yani.

Vuto linali loti laputopuyo inali nkhalamba, ndipo nkhondo ikafika pachimake inkatsimphina. Asilikali ankauma mwendo uli m'mwamba, kulira kwa mfuti n'kumadukaduka, ndipo pamene chithunzi chinkayambanso kuyenda unkapeza theka la gulu lako lagona. Kunyumba yaikulu ndiye kunali kosayambika, chifukwa kumeneko tizinthu tambirimbiri tinkadzuka tokha n'kumadya mphamvu mobisa. Alamu anaika masewerawo kunyumba yaing'ono, kumene kunali kopepuka ngati m'nyumba yosesa kumene, ndipo zotsalazo tinazifufuza awiri, kapena ndinene zoona, ndinazifufuza ine iwo akugwedeza mutu. Ukathimitsa mithunzi ya mitengo ndi utsi wa mabomba, nkhondo inkaoneka yosakongola koma inkathamanga. Tchaja ikakhala yolumikiza makinawo ankalimba mtima, ukaizula n'kuyamba ulesi. Pamphasa kapena pamiyendo ankabanika, ndiye ndinkawakhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Koma chachikulu chinali thonje. Chaka chimenecho matumba anadzaza m'nyumba ya amayi mpaka ena tinakawasunga kwa alamu, ndipo tinkasankhira momwemo, loyera uku, lothimbirira uko, ubweya wake ukuuluka m'kuwala kolowera pazenera. Kafani ka m'kati mwa laputopu kankakoka ubweya umenewo pamodzi ndi mpweya, n'kumauunjika pa timabowo totulukira kutentha. Ndinazindikira ndi dzanja, nditamva kuti mpweya wotuluka m'mbali wachepa koma pansi pakutentha ngati chiwaya. Alamu anandisonyeza kamasulidwe ka kachitseko ka pansi ndi nsonga ya mpeni, ndipo Loweruka lililonse ndinkachotsa ubweyawo ndi nthenga ya nkhuku n'kupopamo ndi pampu ya njinga ya bambo. Ndikatero nkhondo inkayenda myaa mpaka ola langa litatha.

Pofika mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ndinali nditapambana nkhondo khumi ndi imodzi. Alamu eni ake anakanikira pa yachisanu ndi chitatu, ndipo sankachita manyazi kuvomera. Nzeru zanga sizinali za m'buku. Bambo anali msodzi wa ku Chiuta, ankatha milungu ingapo osabwera kumudzi, ndipo ulendo wina ndili wamng'ono ndinawaona iwo ndi anzawo akutchera ukonde mwakachetechete mbali ina, kenako n'kukamenya madzi mbali inayo kuti nsomba zithawire komwe kuli imfa yawo. Inenso ndinkachita chimodzimodzi, phokoso kumanzere, ukonde kumanja. Ndinali ndi kagulu ka asilikali asanu ndi awiri amene ndinayamba nawo nkhondo yoyamba, ndinawapatsa mayina a anzanga a m'kalasi, ndipo ndinkawasamala kuposa mmene ndinkasamalira mbuzi za amayi. Wina akavulala ndinkamubweza kumsasa, ngakhale nkhondo ichedwe masiku awiri. Inatsala nkhondo imodzi yokha, linga la mdani kutsidya kwa mtsinje waukulu wokhala ndi mlatho umodzi, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikusonkhanitsa gulu langa pagombe, mapu ake nditawajambula kumapeto kwa kope la masamu. Ndinkamwetulira ndekha panjira ya kumjigo, nditaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalonda anga anali amjomba, alongo awo a amayi, eni mbumba, amene mawu awo pakhomo pathu anali omaliza pa maukwati, pa minda ndi pa matenda. Chimene chimandiseketsa lero, kuseka kowawa, n'chakuti kumudzi kwa akazi awo, kutsidya kwa dambo, nawonso anali tambala wobwereka yemweyo, wotumidwa kukagula mchere. Ukali wonse umene ankaumeza kumeneko ankabwera kudzausanzira kwathu. Mwana wawo Twaibu, msuweni wanga, mnyamata wandevu zoyamba kumera amene sukulu inamukana ali fomu wanu, anaganiza zotsegula benchi yothira nyimbo m'mafoni pamsika wa Ngokwe, ndipo amjomba anabwera kudzabwereka laputopu. Kubwereka kwa amjomba sikunkadikira yankho. Alamu anati chabwino. Pangano linali loti aziitenga masiku a msika okha, koma masiku a msikawo anayamba kuswana, mpaka laputopu inkangobwera kwathu kudzadya moto wa sola, Twaibu atakhala pompo kuilondera ngati mlonda wa sitolo. Ankanditcha mkazi wake, monga mwa nthabwala za chisuweni, ndipo ndikangoyandikira ankati mkazi wake ntchito yake ndi kumuwiritsira tiyi, osati kugwira zida za amuna. Milungu itatu inatha ndisanalowe kunyumba yaing'ono, asilikali anga ali chiimire pagombe.

Twaibu anali wosamala, ndipo kusamala kwakeko ndi kumene kunatipha. Poopa kuti laputopu ingasweke panjinga m'mabampu a msewu wa kumsika, anasoka thumba la chiguduli n'kuyalamo thonje, lochokera m'matumba athu omwe, lofewa bwino ngati pogoneka khanda. Akafika pamsika ankatulutsa makinawo n'kuwakhazika pamwamba pa thumba lomwelo kuti asakalike ndi thabwa la benchi, ndipo tsiku lonse kafani kankangomwa ubweya. Ndinamuuza kawiri konse kuti thumba lakelo ndi limene likudwalitsa makina, iye n'kungoseka kuti mkazi wake wachita nsanje ndi thumba. Nayenso anali atawaika masewera ankhondo aja kunyumba yaikulu, ndipo makasitomala akasowa ankasewera, anyamata a pamsika atamuzungulira. Nzeru zake zinali kupanga akasinja ambirimbiri, mithunzi ndi utsi zonse zoyatsa kuti anzake azizizwa, n'kuwathamangitsira onse pakhomo la mdani ngati ng'ombe zopita kudibi. Laputopu inkatsimphina, kenako kuuma, kenako kuthima yokha, anyamata n'kufa nalo phwete. Manyazi anamugwira Twaibu, ndipo munthu wamanyazi amafuna woti amuloze chala. Wina pamsikapo anamuuza kuti makina a mitu iwiri sangayende bwino, mutu winawo umayamwa mphamvu ngakhale uli m'tulo, ndipo kuti pa Liwonde pali katswiri wokonza mafoni amene angaudule n'kufufuta zonse. Linali bodza lamkunkhuniza, chifukwa mbali imene sunailowe imangokhala phee, siidya kanthu. Koma bodza la bambo wandevu pamsika linkalemera kuposa zoona za mwana wosenza ndowa.

Nkhaniyi inakambidwa Lachisanu masana pakhonde pa amayi, amjomba atachokera kumzikiti. Iwo anakhala pampando umodzi wokha umene tinali nawo, Twaibu pambali pawo, amayi ndi achemwali pamphasa, alamu pansi chapatali monga akhalira mkamwini. Ine ndinabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja ndi mbale ya chinangwa chophika, n'kugwada. Chaka cham'mbuyo mwake ndinali nditalowa nsondo, chinamwali cha atsikana a kwathu, ndipo anankungwi anatiuza mobwerezabwereza kuti mtsikana wovinidwa sayang'ana akulu m'maso, sayankha asanafunsidwe, salowerera nkhani za amuna. Ndili chigwadire ndinamva Twaibu akulongosola za mitu iwiri, amjomba akugwedeza mutu ngati dokotala womvetsera wodwala, kenako ndinamva akugamula kuti mawa m'mawa apita nayo ku Liwonde kukachotsa nyumba yaing'ono. Ndinayang'ana alamu, munthu yekhayo pakhondepo amene ankadziwa zimene ndinkadziwa ine, ndipo iwo ankawerenga zala za kumapazi kwawo. Ndiye ndinalankhula. Ndinati si mutu wachiwiri iyayi, ndi thonje la m'thumbamo, andipatse pampu aone okha. Sindinamalize n'komwe. Amjomba sanandiyang'ane ine, anatembenukira kwa amayi, manja akudontha madzi.

"Alongo, kodi mwanayu anavinidwa?"

Funso limenelo kwathu ndi mbama, ndipo silimenya mwana, limamenya mayi ake. Amayi anagwetsa nkhope, kenako anandiponyera diso limene linandiuza zonse zondidikira kuseri kwa nyumba. Achemwali anayamba kukonza nsalu yoberekera mwana imene inali yokonzeka kale. Amjomba anafunsa alamu ngati ali ndi mawu, poti katunduyo anali wawo, ndipo alamu, munthu amene anatha zaka zinayi ali m'kati mwa makompyuta, anapukuta manja pa thalauza n'kunena kuti mmene aonera akuluakulu ndi momwemo. Twaibu ananyamula laputopu nthawi yomweyo, m'thumba lake la thonje lija, ati kuopa kuti mwanayu angaiwonongeretu. Sindinapatsidwe ngakhale mphindi imodzi yoti ndikopere asilikali anga pa memori. Dzuwa litapendeka ndinawapeza alamu kudimba akuthirira mpiru, ndipo ulemu wonse wa kunsondo ndinaukoleka pampanda. Ndinawafunsa kuti anakhaliranji chete pamene ankadziwa, pamene laputopu inali yawo, yobwera ndi thukuta lawo. Anatula ndowa pansi, n'kundiyankha.

"Mlamu, ine pano ndine mlendo. Ndikawatsutsa amjomba pagulu lero, mawa mkeka wanga muupeza panja. Mukufuna achemwali anu alere okha mwana?"

Ndinamvetsa, ndipo kumvetsako kunangowonjezera mkwiyo, chifukwa tsopano ndinalibe munthu mmodzi womukwiyira. Ndinakwiyira mudzi wonse.

Ananyamuka Loweruka m'mawa, amjomba atavala jekete ngati akupita kukhoti, panjinga mpaka kumsewu, kenako pa galimoto ya matola mpaka pa Liwonde. Masiku awiri amenewo ndinasinja chimanga mpaka musi unanditupitsa m'manja, ndipo mbuzi zimene zinayesa kulowa m'dimba zinaona zakuda. Ndinkadzinamiza kuti mwina katswiriyo ndi katswiri weniweni, atembenuza makinawo, aona ubweya ukusuzumira pa timabowo, n'kuwaseka onse awiri. Ndinadzamva pambuyo pake kwa Twaibu yemwe, akudzitama, kuti munthuyo sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Anangomva kuti makasitomala akufuna kufufuta, ndipo poti nayenso mankhwala amene ankadziwa pa nthenda iliyonse anali omwewo, anafufuta. Anabwerako Lolemba masana, amjomba atawatengera amayi nsomba zouma za mu Shire, nkhope ili ngwee ngati abwera ndi mkwatibwi. Anatiitanitsa tonse pakhonde kuti tidzaone. Twaibu anakhazika laputopu pa thumba lake n'kudina batani, ine nditaima kumbuyo kwa achemwali kudikira chigalasi chakuda chija ndi mizere yake iwiri. Sichinabwere. Makinawo anangolowa okha kunyumba yaikulu, osafunsa munthu, ngati kuti nyumba yaing'ono sinakhalepo n'komwe. Asilikali anga asanu ndi awiri, amene ndinawateteza ku mabomba miyezi itatu, anafera pa tebulo la wokonza mafoni pa Liwonde, ali chiimire pagombe kudikira lamulo langa.

Twaibu anatsegula masewera amene katswiri uja anamuikiranso n'kuyamba kuunjika akasinja ake. Sipanathe nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Chithunzi chinayamba kutsimphina, kenako kuuma, kafani kakulira ngati mwana wotsamwidwa, kenako galasi lonse bii. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pampu ya bambo, mpeni ndi nthenga, n'kumulanda Twaibu laputopu m'manja, ndipo mwina nkhope yanga inali yoopsa chifukwa sanalimbane nane. Ndinaitembenuza pamphasa, ndinamasula kachitseko, ndipo chimene ndinasolola mmenemo chinali chinthu chotuwa, chothinana ngati bulangete, chotalika ngati chala changa chapakati. Ndinapopa katatu, fumbi n'kutuluka. Ndinatseka, ndinaikhazika pa njerwa ziwiri, kulumikiza tchaja, kuthimitsa mithunzi ndi utsi, n'kumubwezera Twaibu. Akasinja ake anayenda myaa, onse, mpaka kukafera bwinobwino pakhomo la mdani monga mwa nzeru za mwini wake. Chithonje chija ndinachinyamula ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ndinagwada n'kuchiika pamaso pa amjomba. Anachitola, anachitembenuza, anachinunkhiza, kenako kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga anandiyang'ana kumaso.

"Nanga iwe umadziwa zimenezi, unangokhala chete bwanji?"

Ndinadikira kuti wina awakumbutse za Lachisanu. Amayi, achemwali, alamu, Twaibu, onse analipo tsiku lija, onse anamva ndi makutu awo. Palibe amene anatsegula pakamwa. Ndiye ndili chigwadire, maso ali pansi monga anandiphunzitsira anankungwi, ndinayankha ndi mawu otsika.

"Ndinavinidwa, amjomba."

Alamu anatsokomola n'kunyamuka kupita kudimba kumene analibe chokachita. Amjomba anati kwatentha, n'kupempha madzi akumwa. Zimene amayi anandichita kuseri kwa nyumba tsiku limenelo sindizilemba, chifukwa anatisiya kale, ndipo nawonso ankangoteteza nkhope yawo ndi zida zimene anali nazo. Palibe amene anapepesa. Akuluakulu amakonda kunena kuti mawu a akulu amakoma akagonera. A amjomba aja agonera zaka zonsezi ndipo sanakomebe. Patapita milungu ingapo alamu anapeza njira yomanganso nyumba yaing'ono, n'kundiitana kuti ndiyambirenso nkhondo yoyamba. Ndinakhala pansi, ndinaona kamsasa kaja pakati pa tchire ndi tiasilikali tatsopano topanda nyenyezi, topanda mayina, ndinadzuka n'kukatenga ndowa. Sindinasewerenso. M'kati mwa linga lija sindinaonemo mpaka lero, ndipo ndikamawoloka mlatho wa pa Liwonde pa minibasi ndimapezeka ndikuyang'ana m'mabango, kufuna malo amene ndikanabisa gulu langa.

Ena akamva nkhaniyi amaseka, amati zinali zidole za pagalasi basi, sipanafe munthu. Zoonadi, sipanafe munthu. Koma linali ola limodzi lokha patsiku limene mawu anga ankasuntha kanthu, ndipo anandilanda anthu amene sanadziwe n'komwe kuti akulanda, chifukwa kufunsa mwana kunali kowatsitsa. Chimenecho ndiye chimandipsetsabe mtima, kuposa mbama ndi kuposa funso lija.

Lero ndili ndi kashopu kanga ku Balaka, kufupi ndi njanji, ndimakonza malaputopu ndi mafoni. Azibambo amabwera makina ali kukhwapa, nthenda atadziwa kale, ati mayi ingofufutani zonse. Sindikhudza batani. Ndimayamba ndatembenuza makinawo kuyang'ana timabowo, kenako ndimafunsa kuti kunyumba kwawo winanso amawagwira ndani. Ambiri amati palibe, kenako n'kukumbukira kuti pali kamwana kena kamene kamangoseweretsa. Ndimawauza kuti akamutenge, ndipo mpaka mwanayo atabwera n'kunena yekha zimene zili mmenemo, sindifufuta kanthu. Ena amapsa mtima n'kupita kwina, ndipo ine sindiwaitana. Amene abwera naye mwanayo amapeza kuti mpando wa makasitomala m'shopu mwanga ulipo umodzi wokha. Ndimampatsa mwanayo, bambo ake n'kuima.